Ka eriyo ka maginito pa mtenje wa Hiace

Inu amene mumakwela minibasi kucokela m'tauni ya Kitwe kupita ku Riverside, mukafika pa Jambo Drive muziponyako maso pamwamba pa magalimoto oimikidwa m'mbali mwa msewu. Nthawi zina mudzaona kanthu kakuda, kafupi-fupi ngati ka mthiko ka mwana, kataimilila pa mtenje, ka nthambo kake katalowela pa citseko. Ena amati n'ka wailesi. Ena amati abwana aikako kuti aziona kumene dalaivala wapita na galimoto yawo usiku. Kambili sikakhala ka zimenezo ayi. Ni ka eriyo ka netiweki ya foni, ndipo cimene cimakagwilitsa pamenepo ni maginito cabe, palibe bauti olo imodzi.

Nchito yake ni imodzi: kugwila netiweki panja poyela n'kuitsitsila mkati mwa galimoto. Koma zimene ogulitsa amakamba pa kanthu aka zaculuka kuposa zimene kangacite, ndipo munthu angataye cashing ya tsiku lonse pa cinthu cimene sicidzamuthandiza. Ndiye lelo tiyeni tikambilane bwino-bwino kuti kamagwila nchito motani, ndi pamene mphamvu zake zimathela.

Ine nkhaniyi ndaidziwila kwa amulamu anga, amuna a mlongo wanga, okhala konkuno ku Riverside. Anayendetsa minibasi ya Kitwe ndi Kalulushi zaka zambili. Hiace ija itakalamba, mwini wake anawagulitsa pa mtengo wa cifundo. Iwo anacotsa mipando yakumbuyo n'kuikamo matilesi, ka mbaula, cigubu ca madzi ndi batili yaciwili. Manje amapita ku Lufwanyama, Kasempa ndi Solwezi kukagula nyemba ndi uci, n'kumagona m'galimoto momwemo masiku anayi kapena asanu, ndiye n'kubwela kudzagulitsa kwa azimayi a pa Chisokone. Alendo amene amazungulila m'mapaki a nyama ali ndi magalimoto awo ogonamo odula, okhala ndi bedi ndi khichini. Ya amulamu ni ya ife a nsapato zafumbi, koma njala ya netiweki ni imodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo akasowa netiweki amangolephela kutumiza cithunzi ca njovu. Amulamu akaisowa, sadziwa kuti nyemba zili pa mtengo wanji ku Kitwe tsiku limenelo, amene anawalonjeza ndalama sawapeza, ndipo galimoto ikafa pakati pa nkhalango palibe wowauza. Mlongo wanga naye sagona.

Coyamba cofunika kumvetsa n'cakuti galimoto ni bokosi la citsulo. Mafunde a netiweki sadutsa bwino pa citsulo, amalowela pa mawindo cabe. Wasayansi wa ku England, Michael Faraday, anaonetsa mu 1836 kuti cipinda cokutidwa ndi citsulo cimachinga mphamvu ya magetsi yocokela panja, ndipo mpaka lelo akatswili amachula bokosi lotelo ndi dzina lake. Mukawonjezela tinti ya pa mawindo, maka-maka ija yowala ngati galasi loyang'anilapo imene imakhala ndi citsulo mkati, ndiye kuti mwatsekanso makomo ocepa amene anatsala. Ndiye cifukwa cake munthu wokhala pakati pa mpando wakumbuyo, wopanikizidwa ndi anzake ndi thumba la unga pa miyendo, amaona tumizele twa netiweki tukucepa, pamene wa pa windo akuseka pa WhatsApp. Ka eriyo ka pa mtenje kamapambana pa zinthu ziwili: kali panja pa bokosi, ndiponso kali pamwamba, pafupifupi mamita awili kucokela pansi.

Tsiku loika, amulamu anabwela ndi mnyamata wina wophunzila za magetsi pa Copperbelt University, amene amacita lendi pafupi nawo. Iwo anali ataika kale ka eriyo m'mphepete mwa mtenje, pamwamba pa citseko ca dalaivala, pamene dzanja lifika mosavuta. Mnyamata uja anangoseka, n'kukwela pa tayala, n'kukasunthila pakati peni-peni. Anafotokoza kuti ka eriyo ka mtundu uwu ni hafu cabe ya eriyo. Hafu inayo ni mtenje umene kaimapo. Citsulo cozungulila ndico cimabweza mafunde n'kukathandiza kumva mofanana mbali zonse. Mukakaika m'mphepete, kamamva bwino mbali imene kuli citsulo cambili, mbali inayo kamakhala ngati gonthi, ndipo inu simudziwa kuti tawa ili kuti, cifukwa msewu umakhota.

Pali masamu ocepa pamenepa, musaope. Mafunde a 900 MHz, amene makampani a foni amagwilitsa nchito kwambili kumidzi cifukwa amafika patali, ndi otalika pafupifupi masentimita 33. Kota yake ni masentimita 8. Ka eriyo kafuna citsulo cosacepela pamenepo kuzungulila mbali zonse, ndipo cikaculuka ndiye bwino koposa. Mtenje wa Hiace ni bwalo la mpila kwa iko. Vuto limabwela ndi keliya. Ngati mwazungulila ka eriyo ndi zitsulo za keliya, madilamu a madzi, njinga ndi malata, mwakabwezelanso m'bokosi momwe munakacotsa. Amulamu anasiya malo opanda kanthu kutsogolo kwa keliya, ndipo pamenepo sapaikidwa olo nkhuku.

Musanagule, yesani mtenje wanu. Tengani maginito ya m'sipika yakufa, kwelani, ikanipo. Ikagwila, muli bwino. Ikagwa, imani kaye. Magalimoto ena amene anakwezedwa mtenje kuti munthu aziimilila mkati, ndi ogonamo ambili ocokela kunja, mtenje wake ni wa faibala, monga mabwato ena. Pamenepo maginito sigwila, ndipo palibenso citsulo cobweza mafunde. Land Rover Defender yakale nayo thupi lake lambili ni aluminiyamu: imabweza mafunde bwino, koma maginito imakana. Mankhwala ake ni osavuta. Pitani kwa owochelela zitsulo akudulileni ka pleti ka citsulo ka masentimita 30 mbali zonse, kapenteni kuti kasacite dzimbili, ndiye kamangeni na mabauti pa keliya kapena kamatikeni ndi guluu wolimba wa magalimoto. Osati selotepu, osati malegeni. Pleti yacitsulo ikauluka pa msewu wa Ndola ndi Kitwe galimoto ili pa liwilo, wakumbuyo kwanu ndiye adzalipila na magalasi ake, mwina na moyo.

Manje tifike pa nthambo, cifukwa apa ndiye pamene anthu ambili amadyeledwa osadziwa. Nthambo ya eriyo si waya wa malaiti. Ili ndi ka waya pakati, pulasitiki, ndi ukonde wa citsulo kuzungulila, ndipo mita iliyonse imadyako mphamvu imene ka eriyo kagwila. Akatswili amayeza mphamvuyi mu dB, ndipo cofunika kukumbukila n'cimodzi: mukataya 3 dB, mwataya hafu. Ka nthambo konyozoloka kochedwa RG174, kamene kamabwela ndi ma eriyo ochipa, kamadya pafupifupi 1 dB pa mita iliyonse pa 900 MHz, ndipo pa 1800 MHz kamadya kuposa pamenepo. Ndiye ganizani: pa bokosi alemba kuti ka eriyo kawonjezela 5 dBi, koma kabwela ndi nthambo ya mamita 5. Zimene kakolola pamwamba, nthambo yadya m'njila. Zili ngati kutunga madzi na ndowa yobooka, mufika kunyumba mwanyowa mutu koma m'ndowa mulibe kanthu. Wogulitsa adzakuuzani kuti nthambo yaitali ni bonasi. Inu sankhani yaifupi, mamita awili kapena atatu, ndipo ngati ilipo yonenepako monga RG58, tengani imeneyo. Ndipo mukaona ka eriyo kotalika ngati cala kolembedwa 30 dBi, bwezani pa shelufu. Ka eriyo komva mbali zonse sikangafike pamenepo, nambalayo anangoisindikiza.

Nthambo musaidule n'kuilumikiza mopotokola monga timacitila na waya wa mbaula ya magetsi. Musaipanikize pa citseko cimene cimatsegulidwa kambili-mbili, ndipo citseko ca kondakita cija cosesekela ndiye ciiwaleni, cidzaidula tsiku loyamba. Amulamu anaidutsitsa pa labala ya citseko ca kutsogolo ca kumanzele, pamalo pofewa. Mnyamata uja anaipinda pang'ono kuti iyambe yatsika pansi isanalowe mkati, kuti madzi a mvula akamatsata nthambo azidonthela panja. Amene mudziwa mvula ya kuno ku Copperbelt, kuyambila November mpaka April, mudziwa kuti ka nzelu aka si kamasewela.

Funso limene anthu ambili safunsa mpaka atafika kunyumba ni ili: nthamboyi ilowa kuti? Mafoni a masiku ano alibe kaboo ka eriyo. Ka eriyo ka pa mtenje kamalumikizidwa ku rauta kapena ka MiFi kamene muikamo SIM, ndiye iko n'kumagawa Wi-Fi mkati mwa galimoto. Ndipo si rauta iliyonse ili ndi polowetsela. Tembenuzani yanu muone. Ngati pali tumaboo tuwili twa mazinga, tumeneto ni SMA. Tung'ono-tung'ono tobisika pansi pa ka labala, pa ma MiFi ena, ni TS9 kapena CRC9, ndipo tuwili utu tumafanana kwambili koma situlowelana. Nyamulani rauta yanu popita kukagula, muyese pomwepo. Tumaboo tumakhala tuwili cifukwa 4G imathamanga bwino ikamamva na makutu awili, cotelo ma eriyo awili otalikilanako amaposa amodzi. Marauta ena amafunanso kuti mulowe m'ma settings n'kuwauza kuti ayambe kumvela ku eriyo ya panja, apo ayi adzapitiliza na yamkati, inu n'kumati munagula cabodza.

Tumizele twa netiweki musatukhulupilile kwambili. Kampani iliyonse yopanga mafoni imatujambula mmene ifunila. Cimene cinena zoona ni nambala ya dBm, imene mungaipeze m'ma settings a rauta kapena a foni ya Android, pa mbali ya SIM. Imakhala ndi ka mainasi kutsogolo. Pa 4G, -80 ni netiweki yabwino, -100 yayamba kufooka, ndipo kupitilila -115 ndiye mukungopempha. Imikani galimoto pamalo amodzi, lembani nambala ka eriyo kasanalumikizidwe, lumikizani, dikilani mphindi imodzi, lembaninso. Ife tinayesela kumunsi kufupi ndi mtsinje wa Kafue, kumene malo ni otsika, ndipo nambala inasintha moonekela. Tinayeselanso pakati pa tauni, kusiyana kunali kosaoneka n'komwe, cifukwa kumeneko tawa ili pamphuno.

Apa mpamene ndifuna ba dalaivala ndi ba kondakita a m'tauni amvetsele, cifukwa ndamva ena akukamba kuti adzaika ka eriyo kuti mikangano ya kulipila pa foni ithe. Tonse tiidziwa nyimbo ija ya m'mawa: "Ba kondakita, netiweki yakana, nizatuma nikaseluka." Kondakita naye maso ofiila: "Bamdala, kuseluka mulipile coyamba." Ka eriyo ka pa mtenje sikadzathetsa mlanduwu. Munthu akamatuma ndalama podina ka nyenyezi, manambala ndi hashi, foni yake ikukamba mwacindunji ndi tawa, siidutsa pa Wi-Fi ya m'basi. Rauta ingathandize okhawo amene amalipila na app, ndipo ambili a ife amene timakwela basi ya ku Chimwemwe kapena Wusakile tikali pa ka nyenyezi. Komanso pa maluti a m'tauni, vuto kambili silikhala kutalika kwa tawa. Kuno ku Riverside madzulo, ana a pa yunivesite akabwelela m'ma boarding house onse n'kuyamba mavidiyo nthawi imodzi, mungaone tumizele tonse todzala koma uthenga osapita. Tawa yadzala ngati basi ya 17 koloko. Eriyo imakufikitsani pa citseko mwamsanga, koma siikupangilani mpando.

Ndiye ena amakuuzani kuti gulani busita. Cimeneco ni cinthu cina: cili ndi eriyo ya panja, ka bokosi kokweza mphamvu, ndi eriyo ina yamkati imene imaulutsila mafoni onse. Cimathandizadi ngakhale pa ka nyenyezi kaja. Koma cifukwa cakuti cimaulutsa mafunde, cimalowa m'manja mwa lamulo. Mafunde a mafoni m'dziko muno amayang'anilidwa ndi ZICTA pansi pa lamulo la 2009 la za ICT, makampani monga MTN, Airtel ndi Zamtel ali ndi malaisensi a mafunde amene amagwilitsa nchito, ndipo zipangizo zoulutsila zifunika kukhala zovomelezedwa. Si nkhani ya mapepala cabe. Busita yochipa, eriyo yamkati ikayandikana ndi ya panja, imayamba kudzimvela yokha, monga maikolofoni ya m'chalichi ikayandikila sipika n'kulila mpaka ana atseka makutu. Kusiyana kwake n'kwakuti phokoso la busita inu simulimva. Imalimva ni tawa, ndipo anthu onse a m'dela limenelo mafoni awo amayamba kuduka-duka osadziwa kuti wolakwa ni minibasi imene yaima pa steshoni. Wofuna busita ayambe wafunsa ku kampani yake ya foni ndi ku ZICTA, asagule ya m'cikwama ca munthu. Ka eriyo ka pa rauta kalibe ka bokosi kokweza mphamvu, ndiye nkhawa imeneyi kalibe.

Palinso cina cimene eriyo iliyonse siingacite, ndiko kudzutsa tawa yozima. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, tinakhala masiku ena maola oposa 20 opanda malaiti. Matawa amadalila mabatili ndi majeneleta a dizilo magetsi akazima, ndipo nthawi imeneyo netiweki inavuta m'madela ambili. Pamene palibe cogwila, olo muike eriyo yotalika ngati nsungwi, mudzagwila mphepo cabe. Cimodzimodzi m'zigawo zina za msewu wa Kalulushi kupita ku Kasempa. Amulamu amati ka eriyo kanawatalikitsila malo amene amagwila netiweki asanafike pa mudzi wa tawa ndi atapitilila, koma pakati-kati pali malo amene foni imangokhala tochi basi.

Kutalika kwa eriyo nako kumanyenga. Yaitali yokweza kwambili imamva patali koma mopapatiza, ngati nyali ya galimoto yowala kutsogolo kokha. Pa malo osalala ni yabwino. Galimoto ikapendekeka m'maenje kapena ikamatsika ndi kukwela zitunda, imaphonya tawa. Kwa galimoto yoyenda m'misewu yathu, yaifupi ya 3 mpaka 5 dBi ndiyo yokhulupilika, ndipo siimenya nthambi za mango polowa pa geti. Yang'ananinso kuti pa bokosi alemba mafunde ati. Yoyambila pa 700 kapena 800 MHz kufika pa 2700 MHz ndiyo ikwanila 2G, 3G ndi 4G. Za 5G, imene MTN inayambitsa m'dziko muno mu November 2022, musalipile ndalama zowonjezela cifukwa ca cilembo cimeneco ngati ulendo wanu ni wa ku Lufwanyama.

Amene mumayenda kufupi ndi malile a Congo, ku Mokambo, Sakania kapena Kasumbalesa, dziwani kuti makutu akakula amamvanso za kwa aneba. Rauta ingalumphile pa netiweki ya tsidya lija inu mukali m'Zambia, ndipo bandulo yanu ya kuno siigwila nchito kumeneko. Zimitsani roaming, ndipo sankhani netiweki yanu na dzanja m'malo moisiya isankhe yokha.

Maginito nayo ili ndi makhalidwe ake. Imakoka tuzitsulo tung'ono-tung'ono ta m'fumbi, ndipo fumbi kuno ku migodi sitipempha. Tumeneto tukalowa pansi pake, galimoto ikamagwedezeka tumakwecha penti ngati sandipepa, ndiye mvula ikabwela dzimbili limayamba mozungulila. Kamodzi pa sabata kanyamuleni, pukutani pansi pake ndi pa mtenje, kabwezeni pali pouma. Pokacotsa musakakoke na nthambo, ndipo musakakhwekhweleze, kapendekeni mbali imodzi n'kukanyamula. Ndipo ubwino wake waukulu, wakuti kamacoka mosavuta, ndiwonso tsoka lake. Pa KMB munthu wamtali amangotambasula dzanja podutsa. Amulamu akangolowa m'tauni amakacotsa n'kukaika pansi pa mpando, pakuti m'tauni sikagwila nchito yeni-yeni.

Kumene kamadyela ndalama yake ni usiku kuthengo, galimoto itaima. Pamenepo iwo amatenga civundikilo ca dilamu ya citsulo, amaciika pamwamba pa masaka a nyemba pa keliya, n'kukhazikapo ka eriyo. Kukwela mita imodzi yokha kumasintha zinthu, maka-maka ngati aimika galimoto pa citunda osati m'dambo. Nthambo ikacepa, amatulutsa rauta n'kuipacika pa windo m'malo molumikiza nthambo ina. Ndiye ca m'ma 20 koloko foni ya mlongo wanga imalila, ndipo funso loyamba la amulamu silikhala la ana ayi, limakhala lakuti meda ya nyemba yafika zingati pa Chisokone.